Kwa mabwana: momwe mungasenzere udindo woteteza moyo wa antchito anu

Ndinagwirapo ntchito pa fakitale ina yogaya chimanga ndi kulongedza ufa m'matumba, ndipo tsiku limene sindiliiwala ndi lomwe magetsi anathima cha m'ma 10 koloko m'mawa. Mnyamata wina wothandizira makanika anaona kuti umenewo ndiwo mpata wochotsa gaga amene anaunjikana pansi pa lamba. Chotchingira lambayo chinali chitagona pakona kwa miyezi, chifukwa ati chinkachedwetsa anthu akafuna kukunga lamba. Palibe anathimitsa makina pa switchi yaikulu, poti aliyense ankaona kuti magetsi kulibe. Atayaka mwadzidzidzi, mota inadzuka yokha. Zala zitatu za dzanja lamanja zinatsalira pomwepo.

Madzulo ake tinaitanidwa ku ofesi. Funso loyamba la abwana aakulu linali lakuti, "Kapitawo anali kuti?" Lachiwiri, "Mnyamatayo anamutuma ndani?" Palibe anatchula za pepala lopempha maloko okhomera switchi yaikulu kuti makina asayake munthu akuwakonza, lomwe linabwezedwa kawiri konse ndi mawu akuti tidikire kaye bajeti ya chaka chamawa. Inenso ndinali m'gulu la oyang'anira ntchito, ndipo ndinkadutsa pa lamba wosatchingidwayo tsiku ndi tsiku osayankhulapo kanthu. Zimandipwetekabe mpaka lero.

Malangizo awa ndalembera inu amene siginecha yanu imatulutsa ndalama kapena kuzitsekera: mwini kampani, manijala wamkulu, mamembala a bodi, mkulu wa esiteti ya tiyi kapena ya fodya, kontrakitala wa zomangamanga, mwini garaja, ngakhale mwini chigayo amene ali ndi anyamata anayi okha. Ntchito yosamala za chitetezo mutha kugawira anthu ena, ndipo n'koyenera kutero. Koma mlandu wake sugawika, umabwerera kwa inu. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Choyamba: werengani lamulo ndi maso anuanu

Musasiyire loya kapena a ofesi yoona za antchito (HR) kuti akuwerengereni. Malamulo oyendetsera dziko la Malawi, pa gawo 31, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo komanso motetezeka. Lamulo limene limafotokoza bwino zoyenera kuchita ndi la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Pezani kope lake, mukhale nalo m'dirowa la tebulo lanu, ndipo muyambe ndi gawo 13.

Gawo limeneli likuti ndi udindo wa wolemba ntchito aliyense kuonetsetsa kuti antchito ake onse ndi otetezeka, ali ndi thanzi, ndiponso akusamalidwa pamalo antchito. Kenaka limatambasula: makina ndi kagwiridwe ka ntchito zikhale zosavulaza, katundu ndi mankhwala zinyamulidwe, zisungidwe ndi kugwiritsidwa ntchito mosaika moyo pachiswe, antchito auzidwe zoopsa, aphunzitsidwe, ayang'aniridwe, polowera ndi potulukira pakhale pabwino. Taonani kuti lamuloli silikuloza kapitawo kapena wa zachitetezo. Likuloza wolemba ntchito. Antchito nawonso lamulo linawapatsa udindo wodzisamala ndi kusamala anzawo, koma zimenezo sizichepetsa wanu.

Pali malamulo ena awiri oti muwadziwe. La Workers' Compensation Act la 2000 limakamba za chipukutamisozi munthu akavulala, akadwala kapena akamwalira chifukwa cha ntchito. La Employment Act, nalonso la 2000, limaika maola 48 pa sabata ngati malire a maola anthawi zonse, limaletsa kulemba ntchito ana osakwana zaka 14, ndipo limaletsa kupatsa achinyamata osakwana zaka 18 ntchito yoopsa. Amene muli m'minda ikuluikulu onjezeraninso lamulo la mankhwala ophera tizirombo, lomwe limayang'aniridwa ndi Pesticides Control Board.

Mu 2019 dziko la Malawi linavomereza mapangano a ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, okhudza nkhaniyi, a nambala 155, 184 ndi 187, ndipo la 184 ndi la zaulimi mwachindunji. Ngati mumagulitsa tiyi, shuga, makadamiya kapena fodya kunja, mukudziwa kale kuti ogula amatumiza anthu odzaona momwe antchito akukhalira, ndipo samangokhutira ndi mapepala.

Chachiwiri: onani ngati mapepala a boma ali m'malo

Apa sipofunika kuchedwapo. Mafakitale ndi malo ena amene lamulo la 1997 likuwatchula amayenera kulembetsedwa ku nthambi ya Unduna wa Zantchito yoona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito. Itanitsani setifiketi yake muione ngati idakagwirabe ntchito. Ngati muli ndi boyila, thanki ya mphepo ya kompuresa, kireni kapena matcheni okwezera katundu, funsani malipoti osonyeza tsiku limene zinayesedwa komaliza. Wina akayankha kuti "zilipo bwana, tizisaka", dziwani kuti kulibe. Oyendera malo antchito ali ndi mphamvu yolowa pamalo panu, kufunsa mafunso ndi kulamula kuti zoopsa zikonzedwe. Akabwera, muwalandire inuyo, osatuma mlonda kuti akawauze kuti abwana achokapo.

Chachitatu: tulukani mu ofesi, mukaone ntchito mmene imagwiridwira

Gawo ili ndilo mtima wa zonse, ndipo ndi limene mabwana ambiri amalizemba. Lipoti limene limafika pa tebulo lanu limakhala litadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, aliyense akulisalaza pang'ono kuti asaoneke wolephera. Choonadi chili pansi, pomwe pali fumbi.

Patulani ola limodzi pa sabata. Musalengeze tsiku, chifukwa mukalengeza mupeza pansi patakolopedwa, aliyense atavala ovolosi yatsopano yomwe idzabwezedwe ku sitolo inu mukangotuluka. Nthawi zina mupite usiku, kapena Loweruka pamene oda yachedwa ndipo aliyense akuthamanga. Ngozi zambiri zimabisala m'nthawi zoterozo.

Mukafika, imani pambali pa munthu amene akugwira ntchito, mumupatse moni, ndipo mumufunse mafunso osavuta. Pa ntchito yanuyi, chimene chingakuvulazeni n'chiyani? Makinawa akatsamwa mumatani? Ndi liti pamene munatsala pang'ono kuvulala? Mukanakhala inu abwana, mukanakonza chiyani poyamba? Poyamba adzayankha kuti "zonse zili bwinobwino bwana", chifukwa timakula tikuphunzitsidwa kusadandaula pamaso pa akuluakulu. Dekhani. Musapite ndi kapitawo wake. Tsiku limene mudzakonze chinthu chimodzi chimene wantchito anakuuzani, ena onse pakamwa padzatseguka.

Maso anu aziyang'ana zinthu izi. Malamba, matcheni ndi magiya amene akuzungulira opanda chotchinga. Mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki, makamaka pamene pali madzi. Chitseko chothawira moto chimene chakhomedwa ndi loko poopa akuba, kapena chatchingidwa ndi matumba. Chozimitsira moto chimene muvi wake uli pofiira. Makwerero omangirira ndi waya. Anthu apadenga opanda chowagwira. Jenereta imene ikulira m'chipinda chotseka, utsi wake ukupita kwa anthu. Mabotolo a zakumwa amene mwathiridwa mankhwala kapena asidi popanda chizindikiro. Malo amene forklift (kagalimoto konyamulira katundu) kapena lole imabwerera m'mbuyo anthu akudutsa pomwepo. Lowaninso m'zimbudzi za antchito, ndipo mulawe madzi amene amamwa, pakuti lamulo limakambanso za zimenezi.

Ndiye pali zoopsa zimene sizitulutsa magazi, zomwe zimapha pang'onopang'ono. Phokoso ndi chimodzi: ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene wayima pafupi nanu akumveni, phokosolo lafika pamlingo woononga makutu, cha m'ma 85 decibels pa muyeso wa phokoso, ndipo makutu akagontha mwa njira imeneyi sabwereranso. Wogaya pachigayo amene amati "mwati bwanji?" kawirikawiri si wamwano. Fumbi la miyala ku kwale, fumbi la thonje, la matabwa, la simenti, zonsezi zimadya mapapo mwakachetechete. Amene amathyola fodya wonyowa ndi mame amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, n'kumamva chizungulire ndi nseru. Opopera mankhwala m'munda atavala malaya wamba amapita nawo mankhwalawo kunyumba, komwe mkazi amachapa malayawo ndi manja.

Kwathu kuno nkhani imeneyi si yachilendo. Agogo ndi abambo athu ambiri amene anapita ku migodi ya golide ku Joni pa Wenela ndi Teba anabwerako ndi njinga ndi wayilesi, komanso ndi chifuwa chosatha. Panapita zaka zambirimbiri kuti mlandu wa matenda a silicosis (matenda a mapapo obwera ndi fumbi la miyala) ndi TB uwapeze eni migodi, mpaka mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama za ku South Africa zokwana R5 biliyoni, zomwe zikuperekedwa kudzera ku bungwe la Tshiamiso Trust. Ambiri mwa amene ankayenera kulandira anali atamwalira kale. Fumbi limene mukulilekerera lero lidzakufunsani choncho.

Zonse mwaona muzilembe m'kope limodzi: choopsa, amene angavulale, ndi kukula kwa ngozi yake. Yambani ndi zimene zingaphe munthu kapena kumulumaza, ngakhale zitakhala kuti sizinachitikepo.

Chachinayi: chotsani choopsacho musanathamangire kugula magambuti

Mabwana ambiri akamva za chitetezo amaganiza za magambuti, magolovesi ndi zipewa zolimba. Amagula, amajambulitsa zithunzi pogawa, basi nkhani yatha. Koma zovala zimenezi ndi mpanda womaliza, ndipo ndi wofooka kuposa yonse, chifukwa umadalira kuti munthu akumbukire kuvala tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala kukutentha ngati ku Nsanje.

Pa choopsa chilichonse m'kope lanu, dzifunseni motsatana chonchi. Kodi tingachichotseretu? Ngati anthu amakwera pamwamba pa thanki kukaona mlingo wa madzi, ikani geji pansi kuti pasakhalenso wokwera. Ngati sichichotseka, kodi tingasinthe ndi china chosaopsa kwambiri, monga mankhwala ena ofatsa, kapena matumba a makilogalamu 25 m'malo mwa 50 pamene anthu akusenza tsiku lonse? Zikakanika, tchingani: chotchingira lamba, mpanda, fani yokoka fumbi, kuthira madzi pocheka miyala. Pambuyo pake ndi pamene pamabwera malamulo a kagwiridwe ka ntchito, maphunziro, zikwangwani ndi kusinthana kuti munthu asakhalitse pamalo oopsa. Zovala zodzitetezera zibwere kumapeto, kudzatseka mipata yotsala.

Zovalazo mukamagula, kumbukirani kuti lamulo likuti wantchito asalipire. Kudula mtengo wa gambuti pa malipiro a munthu n'kulakwa. Gulaninso zomukwana: amayi ambiri amapatsidwa nsapato za amuna zimene zimawakhuthuka, ndipo golovesi yaikulu pafupi ndi makina ozungulira ndi msampha. Kansalu kakumaso kamene tinkavala nthawi ya Covid sikatchinga fumbi la miyala kapena mpweya wa penti.

Pa nkhani ya magetsi ndiime pang'ono, poti ndi imene inandiphunzitsa. Ikani lamulo losasinthika lakuti munthu asalowetse dzanja m'makina asanathimitse pa switchi yaikulu, kukhoma loko wake, n'kuika kiyi m'thumba mwake. Akakhala anthu awiri, maloko akhalenso awiri. Asanayambe, ayese kuyatsa kuti atsimikize kuti makinawo afadi. Magetsi akathima, makina aziyesedwa amoyo. Ndipo funsani wa zamagetsi wanu ngati mota iliyonse ili ndi choyatsira chimene sichidzuka chokha magetsi akabwerera kapena jenereta ikalowa. Loko ndi wotsika mtengo kuposa chakudya cha msonkhano umodzi wa bodi.

Chachisanu: ikani ndalama pamene pali mawu anu

Antchito samvera zimene mumanena pa msonkhano, amaona zimene mumasainira. Mu bajeti ya chaka mukhale mzere wakewake wa chitetezo, wosiyana ndi wa kukonza makina, kuti usamezedwe ndalama ikavuta. Muikemo zotchingira, kuyeza maboyila, kudzadzitsa zozimitsira moto, mankhwala a m'bokosi la chithandizo choyamba, maphunziro, kupimitsa makutu ndi zifuwa za amene amagwira paphokoso ndi pafumbi, komanso inshulansi ya antchito.

Ndikudziwa kuti zinthu zavuta. Kwacha ikagwa, zipangizo zoitanitsa kunja zimakwera, ndipo malipiro akudikira. Koma si zonse zimafuna ndalama zakunja. Wowotcherera wa pa tauni panu atha kukupangirani chotchingira lamba tsiku limodzi. Kujambula mizere pansi yolekanitsa njira ya anthu ndi ya magalimoto kumafuna chitini cha penti. Ndipo ngati chilipo choopsa chimene mulibedi ndalama yochikonzera mwezi uno, chisankho cholondola n'kuimitsa makinawo mpaka ndalama ipezeke. Chisankho chimenecho kapitawo sangachipange, mungachipange ndi inu nokha.

Ikaninso lamulo lakuti pempho lililonse lokhudza chitetezo likakanidwa kapena kuchedwetsedwa, lifike kwa inu, ndipo wokanayo alembe chifukwa chake ndi dzina lake.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani ndondomeko, mutchule anthu ndi maudindo awo

Gawo 13 lomwe lija limafuna kuti wolemba ntchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya chitetezo ndi umoyo, aziikonzanso pakafunika, ndipo antchito onse aidziwe. Musakopere ya kampani ina pa intaneti. Masamba awiri kapena atatu onena za zoopsa zenizeni za pamalo panu amaposa buku la masamba 60 lomwe palibe analitsegulapo. Isainidwe ndi munthu wamkulu kuposa onse. Ikhale m'chinenero chimene anthu amayankhula: Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chisena, malinga ndi komwe muli. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, kapitawo aziifotokoza pakamwa m'mawa ntchito isanayambe.

M'ndondomekomo mulembe kuti amayang'ana zozimitsira moto ndi ndani, amasunga kaundula wa ngozi ndi ndani, amaphunzitsa wantchito watsopano pa tsiku lake loyamba ndi ndani. Pa bodi pasankhidwe membala mmodzi wotsogolera nkhaniyi. Amene mwamupatsa udindo mumupatsenso mphamvu, nthawi ndi ndalama. Ndaonapo mtsikana wangomaliza kumene kukoleji atapatsidwa udindo wa zachitetezo, koma wopanda mphamvu youza manijala wa fakitale kuti ayimitse mzere wa makina. Amenewo ndi maonekedwe chabe, ndipo ngozi ikachitika amakhala iyeyo wolozedwa chala.

Mayiko ena mfundo imeneyi anailemba mosapsatira. Ku South Africa, gawo 16 la Occupational Health and Safety Act ya 1993 limaika udindo pa mkulu wa kampani mwiniwake, ndipo limati atha kugawira ena ntchito koma mlandu umakhalabe wake. Ku Britain, lamulo la 1974 limalola kuzenga mlandu dayilekitala payekha ngati cholakwacho chinachitika iye akuvomereza, akuyang'anira kumbali kapena chifukwa cha kunyalanyaza kwake, ndipo lamulo la 2007 limalola kuti kampani ipezeke yolakwa pa imfa ya munthu ngati kayendetsedwe ka akuluakulu ake kanathandiza kwambiri kubweretsa imfayo. Amene muli ndi bizinesi kumeneko, kaya ndi ya zomangamanga ku Johannesburg kapena yosamalira okalamba ku Manchester, malamulo amenewa akukukhudzani.

Chachisanu ndi chiwiri: patsani antchito pakamwa, ndi mphamvu yoimitsa ntchito

Pamalo pamene pali antchito oposa 50, lamulo limafuna komiti ya zachitetezo. Ngakhale muli ochepa, ikhazikitseni. Antchito asankhe okha owaimira, osati muwasankhire amene amakugwadirani. Mukhale amayi, a shifiti ya usiku, madalaivala, ndipo ngati pali bungwe la antchito, likhalemo. Komiti izikumana nthawi ya ntchito, ndipo mfundo iliyonse ituluke ndi dzina la woikonza ndi tsiku. Inuyo muzikhalapo pamisonkhano ina. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo amene amakuuzani kuti denga la sitolo likugwa akukuthandizani kuposa amene amakuombani m'manja.

Chovuta kwambiri ndi ichi: nenani pamaso pa onse kuti aliyense, ngakhale wosesa, akaona choopsa chimene chingaphe kapena kulumaza munthu, ali ndi ufulu woima ndi kuimitsa anzake, ndipo sadzadulidwa malipiro. Lamulo la Employment Act silivomereza kuchotsa munthu ntchito chifukwa chochoka pamalo amene ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti moyo kapena thanzi lake lili pangozi yaikulu. Koma pamene ntchito zikusowa ngati kuno, munthu amaopa njala kuposa ngozi. Sadzaima pokhapokha ataona ndi maso ake kuti mnzake anaima ndipo anayamikiridwa.

Ku Bangladesh, pa 23 Epulo 2013, ming'alu inaoneka m'nyumba ya Rana Plaza kufupi ndi Dhaka. Banki ndi masitolo a pansi anatseka. Osoka zovala m'mafakitale a pamwamba anauzidwa kuti abwerere kuntchito mawa lake, ena akuopsezedwa kuti salandira malipiro. Pa 24 Epulo nyumbayo inagwa, ndipo anthu oposa 1,100 anafa. Antchito anaiona ming'aluyo. Chimene analibe ndi bwana wowalola kukhala panja.

Tsiku lidzafika pamene lole ya kasitomala ili pageti, oda yachedwa, ndipo wantchito wayimitsa mzere chifukwa chotchinga chathyoka. Fakitale yonse idzayang'ana nkhope yanu. Zimene mudzayankhule m'mphindi imeneyo ndiyo ndondomeko yanu yeniyeni.

Chachisanu ndi chitatu: aganyu ndi makontrakitala muwawerengere m'gulu

Ntchito zoopsa kwambiri, monga kukwera padenga, kulowa m'thanki, kukumba ngalande yakuya, kutsitsa matumba, nthawi zambiri zimapatsidwa kwa aganyu amene dzina lawo silili m'buku lililonse. Alembeni mayina akamalowa, auzeni zoopsa za pamalopo kwa mphindi khumi, apatseni zodzitetezera. Posankha kontrakitala musangoona wotchipa. Mufunseni momwe anthu ake adzakwerere, chimene chidzawagwire akaterereka, ndiponso ngati ali ndi inshulansi. Munthu akagwa kuchokera padenga lanu, mawu akuti "sanali wathu" sadzakhutiritsa abale ake, ndipo lamulo limakupatsani udindo ngakhale pa anthu amene si antchito anu koma akukhudzidwa ndi ntchito yanu.

Chachisanu ndi chinayi: pamsonkhano wa akuluakulu, nkhaniyi ikhale yoyamba

Ikaikidwa kumapeto, pa nkhani zina ndi zina, imakambidwa anthu atanyamula kale zikwama. Iikeni pamwamba, malonda asanakambidwe.

Chenjerani ndi lipoti lakuti mwezi uno palibe wavulala. Pamalo pamene anthu amanyamula zitsulo ndi kucheka matabwa, mwezi wopanda ngakhale bala laling'ono nthawi zambiri umatanthauza kuti anthu akubisa. Bonasi yoperekedwa kwa gulu limene silinalembetse ngozi imakulitsa kubisako: munthu amamanga chala ndi kansalu n'kupitiriza ntchito kuti anzake asamude. Ndi bwino kuyamikira amene anena za ngozi imene inatsala pang'ono kuchitika, monga njerwa imene inagwa pambali pa munthu, kapena waya amene anagwedeza wina pang'ono.

Mafunso oti muzifunsa ndi awa. Pa zoopsa zikuluzikulu zisanu za m'kope lija, zakonzedwa zingati? Zimene komiti inapempha, zingati zadutsa tsiku lake? Antchito atsopano onse aphunzitsidwa? Tinayeserera liti kuthawa moto, ndipo zinatenga mphindi zingati? Ndani wagwira maola ochuluka kuposa onse mwezi uno? Funso lomalizali musalipeputse. Dalaivala amene wachoka ku Beira usiku n'kuuzidwa kuti m'mawa womwewo apitirire ku Mzuzu ndi ngozi imene mwaikonza inu mu ofesi. Ndipo mukaganiza zogula makina atsopano, kuchepetsa antchito kapena kuwonjezera shifiti, funsani chisankhocho chisanapangidwe kuti chisintha chiyani pa chitetezo cha anthu.

Inu mukalowa m'fakitale, valani zimene mumauza ena kuti avale. Bwana wolowa ndi nsapato za ku ofesi pamalo olembedwa kuti pamafunika nsapato zolimba wafafaniza chikwangwanicho.

Chakhumi: ngozi ikachitika

Woyamba ndi munthu. Galimoto ya kampani, ngakhale yanu yomwe, imutengere kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira chilolezo cha wina. Izi zikonzedwe lero: pa shifiti iliyonse pakhale wophunzitsidwa chithandizo choyamba, ndipo aliyense adziwe kumene kuli kiyi wa galimoto usiku. Achibale auzidwe ndi munthu wamkulu, pamaso ngati n'kotheka, asamve kwa anthu a m'njira kapena pa WhatsApp.

Kenaka imitsani makinawo, ndipo pamalopo pasasinthidwe kanthu kupatula pochotsa choopsa. Musalole kuti wina athamangire kubwezeretsa chotchinga oyendera asanafike. Jambulani zithunzi, lembani mayina a mboni. Ngozi imene yapha munthu kapena kumulepheretsa kugwira ntchito yake iyenera kudziwitsidwa mwa kalata ku nthambi ya zachitetezo ija mosachedwa, ndiponso ku ofesi ya leba kuti nkhani ya chipukutamisozi iyambike. Pakakhala imfa, apolisi adziwitsidwenso. Uzani a inshulansi anu tsiku lomwelo.

Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 linaika chipukutamisozi cha malipiro a miyezi 54 kwa munthu amene walumala kotheratu, ndi cha miyezi 42 kwa amene ankadalira womwalirayo. Kulumala kwa mbali ina ya thupi kumawerengedwa malinga ndi mlingo umene adokotala apeza. Kuitanira wovulala kuseri, kumupatsa kenakake m'envulopu kuti asapite ku leba, ndi kumubera, ndipo sikutseka mlandu. Dziwaninso kuti pamene pali kunyalanyaza kwa wolemba ntchito, wovulala atha kukasuma kukhoti, ndipo kumeneko mapepala opempha zipangizo amene munawabweza aja amadzawerengedwa mokweza.

Pofufuza chimene chinachitika, musaime pa yankho lakuti wantchito sanasamale. Funsani kuti chifukwa chiyani, mubwerezenso, mpaka funsolo lifike pa tebulo lanu. Analowetsa dzanja chifukwa makina anatsamwa. Amatsamwa kawirikawiri chifukwa sefa inatha. Sefa sinagulidwe chifukwa pempho linaimitsidwa. Analiimitsa ndani? Zimene mwapeza muwauze antchito onse, ndipo muyang'ane makina ena onse ofanana ndi amenewo sabata yomweyo.

Pitani kuchipatala mukamuone wodwalayo. Ikakhala imfa, pitani kumaliro, mukhale pansi ndi anamfedwa, osangotumiza bokosi ndi thumba la ufa. Wovulala akachira, mufunireni ntchito imene angathe. Mnyamata wa zala zitatu uja anabwerera patapita miyezi iwiri, ndipo tinamuika pa sikelo, kumene ankalemba kulemera kwa matumba. Anachita kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Maloko a switchi anafika sabata imene iye anagonekedwa m'chipatala, khumi ndi awiri, m'kabokosi kamodzi kakang'ono.